Malovu Obwereka

Tisungane Ndau anakwera minibasi ku Blantyre Lachitatu m'mawa ali ndi kabotolo kamodzi kopanda kanthu m'chikwama, ndipo pofika pa Zalewa n'kuti atapisa dzanja kasanu kuti aone ngati kalimo. Kakanapita kuti? Koma mtima ukakhala m'mwamba dzanja silimva. Dalaivala nayenso anali wa mtundu uja woima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ngakhale wongodzikanda m'mutu, ndipo galimoto ikangoima Tisungane ankayang'ana wotchi mokwiya ngati ndiyo ikuponda mabuleki.

Ankagwira ntchito pa sukulu ya madokotala, koma odwala sankawakhudza. Mayi ake ankamunena kuti ndi dokotala wosabaya jakisoni. Iye ankafufuza majini, timalangizo tam'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, tija timachititsa kuti mphuno ya agogo itulukire pankhope ya mdzukulu. Ntchito zimenezi si zija zoti ukalowa walowa. Amakupatsa kontirakiti ya zaka zitatu n'kukuuza kuti ubale pepala. Pepala la zimene wapeza likatuluka m'magazini ya akatswiri, umalandira mpando wokhazikika, labu yakoyako ndi ophunzira oti uziwalangiza. Likapanda kutuluka amakuphikira tiyi, amakuyamikira ndi mawu okoma kwambiri, kenako mlonda amakupempha makiyi. Kontirakiti ya Tisungane inali kutha mwezi wotsatira, ndipo pepala anali nalo limodzi lokha.

Pepalalo linali la banja la a Maliro, alimi a kachewere a kumapiri a ku Biriwiri. Kumeneko ana amabadwa akumva bwinobwino, amaimba kwaya, amakangana za mpira; koma ena a iwo akangopitirira zaka makumi awiri amayamba kukweza wailesi, ndipo pofika makumi atatu makutu atseka. Kwa zaka zitatu Tisungane anakwera ndi kutsika mapiri amenewo mpaka nsapato zinamudziwa. Anthu makumi atatu ndi anayi anamulavulira m'timabotolo, popeza majini ankawatenga m'malovu. Anajambula mtengo wa banja lonse, amuna timabokosi, akazi timikombero, osamva onse atawadetsa ndi inki. Ndipo chimene ankafuna anachipeza: kachilema kamodzi m'jini imodzi, kamene katswiri aliyense anali asanakalembepo. Wosamva aliyense anali nako, wakumva aliyense analibe.

Chinaika mchenga m'chakudya ndi kabokosi kamodzi, ka Fabiano. Fabiano anali wosamva, kachilemako anali nako, ndipo ana ake atatu anakatengera. Koma bambo ake, a Evance Maliro, ankamva ndipo analibe. Mayi ake, malemu a Enelesi, amene anamwalira atalavula kale, anakwatiwa kuchokera mtundu wina ndipo nawonso analibe. Mmodzi mwa akatswiri ounika pepala, munthu wopanda dzina wokhala kaya kuti, anafunsa funso la mzere umodzi wokha: nanga ameneyu anakatenga kuti? A magazini anati yankho lifike pofika Lachisanu.

"Njira zilipo ziwiri," anatero Pulofesa Mkwapatira, mkulu wa dipatimenti yawo, dzulo lake. "Mwina tinasokoneza timabotolo mu labu. Kapena mwina..." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo chiganizocho chinathera pomwepo. "Pitani mukatengenso malovu a mkuluyo. Mukabwera nawo Lachinayi, makina atiyankha tsiku lomwelo."

Njira yachiwiriyo onse awiri ankaidziwa, ndipo inali yotseka. Pa fomu imene banjalo linasaina panali lonjezo lakuti kafukufuku sadzaulula kuti uje si mwana wa uje. N'zoona kuti mayina m'pepala salembamo, koma mabanja a anthu ogontha a kumapiri a Ntcheu alipo angati? Mwana wina wa Fabiano, wakumva, anali pa sukulu ya unamwino, ndipo mwezi uliwonse ankaimba foni kufunsa kuti pepala lituluka liti. Kuchotsa nthambi ya Fabiano nakonso kunali kudzithyola miyendo, chifukwa popanda anthu anayi amenewo umboni unkatsala wochepa kwambiri. Choncho Tisungane ankapita ku Biriwiri akupemphera pemphero lachilendo, lakuti zipezeke kuti iyeyo ndi munthu wosasamala pa ntchito.

Anatsika masana dzuwa litabisala, mphepo ya mu Julaye ikuluma makutu. Wakabaza wa njinga yamoto anamukweza m'kanjira ka miyala, kudutsa madimba a kabichi, mpaka pa nyumba ya malata akale imene a Evance anamanga atachoka ku Joni. Mkuluyo anali pakhonde atavala chijasi chakuda, akusankha mbewu ya kachewere, yophuka bwino uku, yofota uko.

"Odi kuno!"

"Odini. Eee, adokotala a malovu! Wawa, mayi, wawa. Mwangotitulukira osatumiza mawu bwanji?"

Moni wa kumeneko safulumizidwa. Tisungane anayankha za ku Blantyre, za mayi ake, za msewu, za mphepo, kwinaku akutsekula ndi kutseka zipi ya chikwama. Atapeza mpata analowa nkhani.

"Agogo, kabotolo kanu kaja katisokoneza pang'ono. Ndabwera kuti mutilavulirenso."

"Kanga kokha?"

"Kanu kokha."

A Evance anatembenuza kachewere m'manja, n'kumuika pa mulu wa wofota. "Nanga ka Fabiano? Kameneko kali bwino?"

"Kali bwino."

"Oho. Kodi makina anuwo amaona chiyani kwenikweni? Ugonthi wokha?"

"Timayang'ana ugonthi wokha, agogo."

"Sindinafunse chimene mumayang'ana, mayi. Ndafunsa chimene amaona."

Tisungane anatanganidwa ndi kung'amba pepala la kabotolo, ntchito imene sinafunike maso onse awiri. Mkuluyo sanakakamize. Analandira kabotoloko, anakakweza kukaona pa kuwala, kenako anadzuka akugwira m'chiuno.

"Kulavula pamaso pa mlendo si mwambo. Ulendo uja munandichititsa manyazi. Khalani pomwepo, ndikubwera."

Lamulo la ntchito limati wolavula uzimuona ndi maso ako. Tisungane ankalidziwa, ankaliphunzitsa n'kuliphunzitsa. Koma amene analemba lamulolo sananene mmene mtsikana amalondolera nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu kuseri kwa nyumba yake. Anakhala. Anaimirira. Anakhalanso. Foni inalira, koma unali uthenga wa Chipwitikizi womulandira ku Mozambique, dziko limene sanapondeko. Kumeneko netiweki imadumpha malire mmene yafunira. Ya kwathu inkapezeka pamwamba pa chulu chimene chinali m'mphepete mwa bwalo, ndipo anakwerapo kuti awauze a pulofesa kuti wafika. Uthengawo sanaulembe.

Kuseri kwa khola, pamene munthu wa pakhonde sakanaona, a Evance anali ataima ndi mng'ono wawo, a Jasper. A Jasper ndiwo anali wamkulu pa osamva onse a m'banjamo, ndiponso munthu yekhayo amene anakana kulowa m'kafukufuku. Zaka zitatu zonse, akangoona Tisungane ankanyamula khasu n'kulowera kudimba. Tsopano anali atawerama, mkulu wawo atawagwirizira kabotolo kukamwa, akuwalozera ndi chala mzere umene malovu ayenera kufika.

Mutu wa Tisungane unathamanga kuposa mtima wake, ndipo chimenechi ndicho chinadzamuchititsa manyazi pambuyo pake. Asanatsike pa chulu anali atamva kale kuti bambo womubala Fabiano ndi ndani, komanso anali ataona mmene Lachisanu lidzakomere. Kabotolo kolembedwa dzina la a Evance kadzapezeka ndi kachilema kaja. Wounika uja adzauzidwa kuti koyambako kanasokonekera, ndipo mkuluyo kachilema ali nako ngakhale sikanamutseke makutu, monga zimachitikira ndi majini ena. Makina, ngakhale atakumba mozama bwanji, adzapeza bambo ndi mwana wake. Malovu a a Jasper mu labu munalibe oti wina afananitse. Fabiano adzakhala pa mtendere, namwino uja adzawerenga pepala n'kunyadira, iye adzalandira mpando. Bodzalo linali lokwana aliyense ngati chitenje.

Anabwerera pakhonde mwachangu n'kukhala ngati sanasunthe. A Evance anatulukira akupukuta kabotolo pa chijasi, n'kukapereka ndi manja awiri. Kanali kofunda. Tisungane anatulutsa cholembera, analemba tsiku, analemba nthawi, ndipo pa mzere wa dzina dzanja linaima.

"Lembani dzina langa, mayi. Ngati mukufuna ndi nambala ya kumgodi yomwe, ndikuikumbukira."

"Agogo, ndinali pa chulu paja."

Nkhuku zinapalasa pabwalo. Mkuluyo anayang'ana chulucho nthawi yaitali, ngati akuchiona koyamba, kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Netiweki imeneyi idzatimaliza," anatero. Anakhala pansi n'kukankhira dengu la mbewu pambali. "Popita ku Joni ankatiyeza pa depoti. Sikelo, mkodzo, makhololo. Munthu wa chifuwa ankabwezedwa. Ndiye mnzake wamphamvu ankamulavulira m'kachitini, kuseri. Tonse tinkadziwa, ndipo palibe ankati n'kuba. Unali ubale. Munthu ankapasa, ana ake n'kudya. Nde lero mwadza ndi kachitini kanu, ine ndachita chimene ndikudziwa."

Mkuluyo anapitiriza motsitsa mawu, ngakhale pa mudzi umenewo omva anali ochepa.

"Kumgodiko mwala unandigwera m'chiuno. Ndinabwera ndi wailesi, njinga, malata awa, koma mbewu yanga inatsalira pansi pa nthaka. Zaka zisanu aNangozo, mayi ake a Fabiano, akunyozedwa pachitsime kuti ndi chumba, chonsecho vuto ndi ine. Akuluakulu anakhala pansi nati m'nyumba mulowe fisi. Ine ndinati ngati ndi choncho asachokere kutali, magazi akhale omwewa. Ndinakamupempha ndekha mng'ono wangayo. Nthawi imeneyo ankamva bwinobwino, ndi amene ankayambitsa nyimbo ku tchalitchi cha ku Nzama. Analira, ine ndinalira, zinachitika. Odziwa tinali asanu. Tinatsala awiri. Lero takwereranso pa atatu."

"Sindidzauza munthu, agogo."

"Dzina ndinamupatsa ndine. Khasu ndinamugwiritsa ndine. Atayamba kugontha ndine ndinamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala cha mishoni, kawiri, mvula ikugwa. Ndiye makina anuwo akuti chiyani? Ndi mwana wa ndani?"

"Ndi wanu."

"Nde lembani."

Ankafuna kulemba. Tisanamukometsere, ankafunitsitsa. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, anzake a m'kalasi anali ndi makiliniki ndi magalimoto, ndipo iye anali atasankha kale chipinda cha labu yake, chija cha windo loyang'ana kuphiri. Cholembera chinali chotsekula, mzere unali waufupi. Koma pepala silikhala m'kabati. Tsiku lina, kwinakwake, dokotala wina adzaliwerenga n'kuuza mayi wina kuti mwana wanu kachilemaka ali nako koma musade nkhawa kwambiri, ku Malawi kuli mkulu wina ali nako ndipo akumva mpaka ukalamba. Adzauzidwa choncho ngakhale adzukulu a Fabiano yemweyu. Adzadikira mwayi umene kulibe, ndipo wowanamiza adzakhala iye.

"Sindingathe, agogo. Pepani." Anatseka cholembera. "Chimene ndichite, ndichotsa nthambi ya Fabiano m'pepalamo. Ikhala yochepa, mwina akana, koma ndiyesa."

Ankaganiza kuti wapereka mphatso. Nkhope ya mkuluyo inamuuza zina.

"Muchotsa ndani?"

"Ndikutanthauza m'pepala mokha."

"Munatilonjeza pabwalo pano, anthu onse akuona, kuti pepala likatuluka mudzatibweretsera mtengo uja, waukulu, tidzaukhome pakhoma. Fabiano anakonzetsa kale felemu ku Lizulu. Mwana wake uja wa unamwino adzawerenga pepala lonse, Chingerezi amachitha. Adzawerenga amalume, azakhali, asuweni, n'kupeza kuti bambo ake mulibe, alongo ake mulibe. Adzafunsa ndani? Mukufuna kundichotsera mwana pa mtengo ine ndili moyo?"

Apa ndi pamene Tisungane anagwira njakata. Kulemba zoona kunali kuulula. Kuchotsa kunalinso kuulula, kungoti kochedwa. Kulemba dzina pa kabotolo kunali kunama. Anazungulira m'mutu mwake kawiri, katatu, kufunafuna khomo lachinayi, monga munthu amabwerezera kupisa m'thumba lomwelomwelo makiyi akatayika. Khomo linalipo, ndipo analiona kalekale, kungoti sankafuna kuliyang'ana.

"Ndiye pepala silituluka," anatero. "Mtengo ndidzabweretsa, mmene munandiuzira inu, aliyense pamalo pake. Umenewo ndi wa pakhoma panu. Ndidzati umboni sunakwane, ndipo sindidzakhala ndikunama."

"Paja munati pepala limeneli ndilo khasu lanu."

"Ndinatero."

"Nanga mulima ndi chiyani?"

"Kaya."

A Evance sanathokoze. Analandira kabotolo kaja, anakatsekula, n'kukhuthulira malovu patsinde pa mtengo wa pichesi, kenako anafotsera ndi nsapato. "Anthu a sukulu ndinu ovuta kukuthandizani," anatero, akubwerera ku dengu lawo.

Tisungane sanadikire kuti wakabaza abwere. Anatsika wapansi, mofulumira, miyala ikugubuduka patsogolo pake. Pa kamtunda kena foni inagwira netiweki ndipo nthawi yomweyo inalira.

"Dokotala Ndau, malovu mwapeza?"

"Ayi, Pulofesa."

"Wakana?"

"Sanakane. Mawa ndilembera a magazini kuti pepala talibweza."

Tisungane ankatha kuwaona m'maganizo akuvula magalasi. "Ndi njira yachiwiri ija?"

"Sindinganene."

"Mukudziwa kuti komiti yoona za mipando ikukumana mwezi wamawa? Ndikalowamo ndi chiyani m'manja? Zaka zitatu, Dokotala Ndau."

"Ndinalipo zaka zonsezo, Pulofesa."

Foni inaduka yokha, n'kumulandiranso ku Mozambique. Amati munthu ukachita chabwino mtima umakhala pansi; amene amatero sanayambe atayapo ntchito. Tisungane anali wokwiya. Anakwiyira wounika wopanda dzina uja, anakwiyira mwala wa kumgodi, anakwiyira chulu, ndipo koposa zonse anadzikwiyira yekha chifukwa mpaka pamenepo mbali ina ya mtima inkamuuza kuti abwerere akapemphe kabotolo kena. Thukuta lake lonse linali la galu, lothera m'ubweya. Analira akuyenda, osapukuta n'komwe, popeza panalibe womuona.

Womuona analipo. Pokhotera kudimba, pamene kanjira kamadutsa pakati pa nthochi, panali a Jasper, atadzera njira yachidule, ataima, chipewa chili m'manja. Ulendo uno sanathawe. Anayandikira, anayang'ana uku ndi uku, ndipo zinaoneka kuti akufuna kunong'ona. Koma munthu amene sanadzimve mawu ake kwa zaka makumi anayi sadziwa kukula kwake, ndipo anatuluka aakulu, osalala, opanda pokwera kapena potsika.

"Mayi. Achimwene akuti zakanika. Zimenezo zisiyeni. Ine ndili ndi funso limodzi." Anadzigwira khutu. "Makutu a mnyamata uja. Ndi a ana ake aja. Ndinawapatsa ndine?"

Akanatha kunena kuti sanawayeze, ndipo zikanakhala zoona. Akanatha kufotokoza kuti zimenezi zimagwa ngati maere, kuti wolakwa palibe, kuti pa nthawiyo iwo sakanadziwa. Koma mawu ochuluka chotero sakanawawerenga pamilomo. A Jasper ankamuyang'ana pakamwa, osaphethira. Yankho limene analifunafuna zaka zitatu linali litatsala ndi womumvera mmodzi yekha, ndipo anali ameneyu. Tisungane anagwedeza mutu kuvomera.

Anadikira kuti mkuluyo agwe nkhope. A Jasper anagwedezanso mutu wawo, pang'onopang'ono, kangapo. Anavala chipewa, anamulandira chikwama ngati mmene amachitira poperekeza mlendo, n'kutsogola kulowera kumsewu. Atayenda pang'ono analankhula osacheuka, ndi mawu aakulu omwe aja.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mayi. Ndinu woyamba kundiuza kuti mwana ameneyo ndinamupatsako kanthu."